Mwana Wanga Wasiya Nyama, Mazira ndi Mkaka: Ndimuletse Kapena Nditani?

Funso: Mwana wanga wamkazi wa zaka 15 wandiuza kuti tsopano ndi vegan. Patha milungu itatu asanalawe nyama, nsomba, mazira kapena mkaka, ngakhale uchi akukana. Akuti anaonera vidiyo yosonyeza mmene nkhuku ndi ng'ombe zimasungidwira m'mafamu akuluakulu, ndipo mtima wake sukulolanso. Bambo ake akuti ndi zachibwana, tingomusiya njala imubweza yokha. Agogo ake anakhumudwa atakana chakudya chimene anamuphikira. Ine ndili pakati. Ndikuopa kuti adwala, poti akukulabe ndipo amasewera mpira wamanja kusukulu. Ndimuletse kapena nditani? Ndine mayi wa ana atatu.

Yankho: Mayi, musamuletse. Mtsikana wa zaka 15 akhoza kukula bwino, kuthamanga pabwalo ndi kukhoza mayeso osadya chilichonse chochokera ku nyama. Koma zimenezi sizichitika zokha. Pafunika munthu m'nyumbamo wodziwa zimene zachoka m'mbale ndi zimene ziyenera kulowa m'malo mwake. Ine ndingakonde kuti munthu ameneyo akhale mwanayo, inu muzingomuyang'anira.

Ndiyambe ndi maganizo a bambo ake, chifukwa ndimawamva kawirikawiri ndikamalangiza mabanja, ndipo si opanda nzeru. Akuluakulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Pa zinthu zambiri za achinyamata mwambi umenewu umagwira: tsitsi lometa modabwitsa limameranso, nyimbo zaphokoso zimatopetsa zokha. Koma pa chakudya nyangayo imafotera mkati mwa thupi, mwakachetechete, ndipo pamene mwana akuzindikira, zina zimakhala zitawonongeka kale. Njala nayonso siimubweza. Mwana amene wasiya nyama chifukwa cha chikumbumtima, mukamusiya yekha amangotola zotsala patebulo: buledi, mpunga, mbatata, tiyi wa shuga. Amakhuta, sadandaula, ndipo aliyense amaganiza kuti zinthu zili bwino.

Kumukakamiza ndiye kumaipitsiratu. Wa zaka 15 simungamuike chakudya m'kamwa. Chimene angachite ndi kuyamba kudyera kuchipinda, kunama kuti wadya kale kwa mnzake, kapena kutaya chakudya inu mutayang'ana kumbali. Pamenepo mwataya chinthu chimene mukuchifuna kwambiri panopa, chomwe ndi mwayi woona mbale yake tsiku lililonse.

Mwina zingakutonthozeni kudziwa kuti njira imene mwana wanu wasankha si yachilendo. Mawu akuti vegan anayamba m'chaka cha 1944 ku England, pamene Donald Watson ndi anzake anakhazikitsa bungwe la The Vegan Society. Anangotenga zilembo zitatu zoyamba ndi ziwiri zomaliza za mawu akuti vegetarian. Kusiyana kwa magulu awiriwa n'kofunika kwa ife: vegetarian sadya nyama ndi nsomba koma nthawi zambiri amamwa mkaka ndi kudya mazira, pamene vegan wasiya zonse. Mkaka ndi mazira ndi zimene zimatseka mipata yambiri munthu akasiya nyama, ndiye zikachokanso, mipatayo imakhala poyera. Ubwino wake, patha zaka zoposa 80 anthu akuyenda m'njirayi, ndipo maenje ake onse akudziwika pamene ali.

Akatswiri enieniwo sagwirizana kwathunthu. Mu 2016 bungwe la Academy of Nutrition and Dietetics la ku America linanena kuti kadyedwe ka vegan, kakakonzedwa bwino, n'koyenera pa msinkhu uliwonse, kuphatikizapo achinyamata. Chaka chomwecho bungwe loona za kadyedwe la ku Germany, lotchedwa DGE, linati silingalimbikitse kadyedwe kameneka kwa ana, achinyamata ndi amayi oyembekezera. Mu 2024 a ku Germany aja anafewako, n'kunena kuti pa magulu amenewa sangalimbikitse kapena kuletsa, chifukwa umboni sunakwanire. Mmene ndimaonera ine, mkangano wonse wagona pa mawu akuti "kakakonzedwa bwino". Ena akunena za banja limene lachita zonse zofunika, anzawo akukumbukira kuti mabanja ambiri sachita. Funso lanu lenileni, Mayi, ndi lakuti banja lanu likhala m'gulu liti.

Pa zonse zimene ndinene, pali chimodzi chimene palibe kunenerera: vitamini B12. Vitamini ameneyu amapangidwa ndi mabakiteriya, osati zomera, ndipo anthu timamupeza mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Thupi limamufuna popanga maselo ofiira a magazi ndi poteteza mitsempha imene imanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziwalo zina. Malinga ndi miyezo ya ku America, wachinyamata wa zaka 14 mpaka 18 amafunika mamaikulogalamu 2.4 okha patsiku, kachinthu kosaoneka ndi maso. Chimene chimapusitsa anthu n'chakuti chiwindi chimasunga B12 wokwanira zaka zingapo. Mwana wanu akhoza kutha chaka chimodzi kapena ziwiri akuoneka bwinobwino, n'kumakuuzani kuti mwaona, palibe chimene chandichitikira. Nkhokweyo ikatha, kumayamba kutopa kosadziwika chifukwa chake, dzanzi m'mapazi ndi m'zala, lilime lopweteka, kuiwalaiwala, ena mpaka kudzandira poyenda. Mitsempha ikawonongeka kwa nthawi yaitali, sikuti nthawi zonse imachira.

Palinso msampha wina umene ngakhale ogwira ntchito zachipatala ena amakodwamo. Masamba ndi nyemba zili ndi vitamini wina wotchedwa folate wambiri, ndipo folate amabisa kuchepa kwa magazi kobwera chifukwa chosowa B12. Magazi akhoza kuoneka okwanira pomwe mitsempha ikuvutika. N'chifukwa chake munthu amene sadya zochokera ku nyama ayenera kupempha kuti amuyeze B12 weniweniyo, osangokhutira ndi kumva kuti magazi alipo ambiri.

Kupewa kwake n'kosavuta. The Vegan Society imalangiza piritsi la mamaikulogalamu 10 tsiku lililonse, kapena la 2,000 kamodzi pamlungu, kapenanso zakudya zothiridwa B12 kufakitale kawiri patsiku zokwana mamaikulogalamu osachepera 3. Musadabwe ndi kutalikirana kwa manambalawa. Matumbo amayamwa pang'ono chabe nthawi imodzi, pafupifupi mamaikulogalamu awiri, ndipo pa zotsalazo limalowa gawo limodzi lokha pa magawo 100 alionse. Ukamamwa patalipatali uyenera kumwa wochuluka kwambiri. Kwa wachinyamata ine ndimasankha piritsi, chifukwa kudalira zakudya zothiridwa kumafuna kuwerengera tsiku ndi tsiku, ndipo sindinaonepo wa zaka 15 wochita zimenezo kupitirira mwezi. B12 wa m'mapiritsi amachokera ku mabakiteriya, ndiye chikumbumtima chake chisavutike. Akakuuzani kuti anawerenga pa intaneti kuti spirulina (ndere za m'madzi zogulitsidwa ngati ufa kapena mapiritsi) ali ndi B12, dziwani kuti wambiri mwa amene ali mmenemo ndi wongofanana naye, thupi la munthu silimugwiritsa ntchito. Ndipo muuzeni kuti malangizo a piritsiwa sakuchokera kwa adani a anthu a vegan, akuchokera kwa amene anayambitsa dzinalo.

Chachiwiri kwa mtsikana ndi ayironi, chifukwa mwezi uliwonse amataya magazi posamba, ndipo wanuyu amathamanganso. Atsikana a msinkhu wake amafunika mamiligalamu 15 patsiku, anyamata 11. Ayironi wa m'zomera salowa m'thupi mosavuta ngati wa m'nyama, moti akatswiri a ku America amalangiza kuti amene sadya nyama achulukitse nambalayo ndi 1.8, kutanthauza pafupifupi 27 kwa mtsikana. Nambala imeneyi isakusowetseni tulo, palibe amene amayenda ndi sikelo kukhitchini. Zofunika ndi zizolowezi zitatu. Nyemba, mphodza, soya kapena tofu (chakudya chopangidwa poumitsa mkaka wa soya) zizipezeka pa chakudya chachikulu chilichonse. Pambali pake pazikhala chinthu chokhala ndi vitamini C, kaya lalanje, ndimu yofinyira m'masamba, tomato kapena tsabola wosawawa wamuwisi, chifukwa vitamini C amathandiza kwambiri kuti ayironi alowe. Tiyi ndi khofi azimwa patapita ola limodzi atadya, poti zimagwira ayironi m'matumbo kuti asalowe. Kuviika nyemba usiku wonse musanaphike kumachepetsako phytate, chinthu cha m'mbewu chimene chimamanga ayironi ndi zinki. Mapiritsi a ayironi okha musamugulire asanayezedwe. Ayironi akachuluka m'thupi amavulaza, ndipo mapiritsiwo ndi oopsa kwa ana aang'ono akawapeza n'kumeza ambiri.

Pa mafupa ndichedwepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene msinkhu wa mwana wanu ukusiyana ndi wa munthu wamkulu amene wasankha zomwezi. Zaka zimene alimozi ndi zimene thupi limamanga gawo lalikulu la mafupa amene munthu adzayende nawo mpaka ukalamba. Zimene sizinamangidwe panopa n'zovuta kudzazimanga ali ndi zaka 40. Ku America amati wa zaka 9 mpaka 18 azipeza kashiamu wokwana mamiligalamu 1,300 patsiku, ku Britain amati 800 kwa atsikana a zaka 11 mpaka 18. Tengani nambala iliyonse, mwana amene wasiya mkaka n'kusaikapo china safikapo.

Kafukufuku wotchedwa EPIC-Oxford anatsatira anthu akuluakulu pafupifupi 55,000 a ku Britain kwa zaka pafupifupi 18. Zotsatira zimene zinatuluka mu 2020 zinasonyeza kuti anthu a vegan ankathyoka mafupa kwambiri ndi 43 peresenti poyerekeza ndi odya nyama, ndipo kuthyoka fupa la m'chiuno kunali kopitirira kawiri. Mbali ina ya kusiyanaku inkachokera ku kuwonda ndi kuchepa kwa kashiamu ndi mapuloteni m'zakudya zawo. Lipoti lakale la kafukufuku yemweyu, la mu 2007, linali litaonetsa kale kuti pakati pa anthu amene ankapeza kashiamu wosachepera mamiligalamu 525 patsiku, a vegan sankathyoka mafupa kuposa anzawo. Ine ndimawerenga ziwirizi pamodzi motere: ngozi ilipodi, ndipo mbali yaikulu ya ngoziyo ili m'manja mwathu.

Chimene chimathandiza msanga ndi mkaka wa soya wothiridwa kashiamu kufakitale. Nthawi zambiri umakhala ndi mamiligalamu 120 pa mamililita 100 alionse, mofanana ndi wa ng'ombe, ndiye makapu awiri patsiku amufikitsa patali. Muziwerenga pa paketi, chifukwa si wonse umene umathiridwa, ndipo wopanga nokha kunyumba suthiridwa kanthu. Azikhutchumula paketi asanathire m'kapu, poti kashiamu amakhazikika pansi. Ndimatchula wa soya dala: wa mpunga, wa oats ndi wa almond uli ndi mapuloteni ochepa kwambiri, ndi madzi oyera okoma basi. Tofu woumitsidwa ndi kashiamu, chitowe, bulokoli ndi masamba a mtundu wa kabichi zimawonjezera. Sipinachi ndi amene amanamiza anthu. Pa pepala ali ndi kashiamu wambiri, koma chinthu china cha mmenemo chotchedwa oxalate chimamugwira, moti thupi limangotengako pafupifupi 5 peresenti, pamene ku mkaka limatenga pafupifupi 30.

Mapuloteni, amene achibale onse adzafunse, ndi nkhani yaing'ono. Mtsikana wa msinkhu wake amafunika magalamu pafupifupi 46 patsiku, wosewera mpira kupitirirako pang'ono, ndipo kapu imodzi ya nyemba zophika ili ndi pafupifupi 15. Kale ankaphunzitsa kuti nyemba ndi mbewu monga tirigu kapena mpunga ziyenera kudyedwa nthawi imodzi kuti mapuloteni akwanire. Zinadziwika kuti zikadyedwa m'tsiku lomwelo zakwana. Chimene chimandidetsa nkhawa kwa wothamanga ndi mphamvu. Zakudya za zomera zimadzaza mimba msanga zisanapereke mphamvu zokwanira, ndiye musaope mafuta ophikira, mtedza, chiponde, mapeyala ndi nthangala za mpendadzuwa kapena za maungu. Azinyamula kanthu kodya akamaliza masewera. Milungu yoyambayi mpweya m'mimba uchuluka, abale ake aseka, kenako matumbo azolowera.

Zotsalazo ndidutse mwachangu. Ayodini, amene chithokomiro chimamufuna, ambiri amamupeza mu nsomba ndi mkaka. Mwana wanu amafunika mamaikulogalamu 150 patsiku, choncho onetsetsani kuti mchere wa m'nyumba ndi wothiridwa ayodini, kapena kuti piritsi limene akumwa lili naye. Ndere za m'nyanja monga kelp musazidalire, zina zili ndi ayodini wopitirira muyezo kwambiri. Vitamini D khungu limapanga lokha likawombedwa ndi dzuwa, koma amene amakhala m'nyumba nthawi zambiri kapena kumene dzuwa limasowa miyezi ina amafunika piritsi. Apa mwana wanu adzafunsa, ndipo adzakhala akulondola: D3 wambiri amapangidwa kuchokera ku mafuta a m'ubweya wa nkhosa, koma aliponso wochokera ku ndere zomera pa miyala ndi pa mitengo. Mafuta a omega-3 angawapeze mu supuni imodzi ya nthangala za flax zopera kapena za chia patsiku, kapena mu mtedza wa walnut. Zinki ali m'nyemba ndi m'nthangala zomwe zija. Alipo mapiritsi opangidwira anthu a vegan amene amaphatikiza B12, ayodini ndi vitamini D pamodzi, ndipo kwa wachinyamata piritsi limodzi limakumbukika kuposa atatu.

Tsopano ndifike pa chimene simunafunse, chomwe kwa ine n'cholemera kuposa manambala onsewa. Atsikana ambiri amene amasiya nyama amanena zoona: akumvera chisoni ziweto. Koma kwa ena ochepa, dzina lakuti vegan limakhala chophimba cha matenda oopa kudya, monga anorexia. Ndi chifukwa chomveka bwino chokanira chakudya, chimene makolo sangatsutse mosavuta ndipo anzake amachiyamikira. Sindikunena kuti mwana wanu ali m'gulu limeneli, kalata yanu siikusonyeza zimenezo. Ndikunena kuti muzidziwa poyang'ana.

Funso lake ndi limodzi: kodi mbale yake ikukula kapena ikuchepa? Mwana amene wasiya nyama chifukwa cha ziweto amachotsa zina n'kuika zina. Amasakasaka maphikidwe atsopano, amafuna kulawa tofu, amasangalala akapeza keke yopanda mazira ndi batala, n'kudya zidutswa ziwiri. Amene akubisala amangochotsa osaikapo. Lero nyama, mwezi wamawa mafuta, kenako shuga, kenako tirigu, ndipo mukamubweretsera keke yomwe ija amapeza chifukwa china chokanira. Ndimakumbukira mtsikana wina amene mayi ake anabwera naye kwa ine akufuna mndandanda wa zakudya za vegan. Nditamufunsa chakudya chimene amachikonda kwambiri mwa zimene amaloledwa kudya, anakhala chete kwa nthawi yaitali, n'kuyankha kuti nkhaka. Tsiku limenelo sitinakambe za mndandanda, ndinawatumiza kwa dokotala.

Zizindikiro zina ndi kuwonda kapena kusiya kukwera sikelo pa msinkhu umene ayenera kukula, kusamba kosiya kwa miyezi itatu, kumva kuzizira anzake akumva bwino, chizungulire akaimirira, kuthothoka tsitsi, kuwerengera chilichonse chimene wadya, kuthamangira kubafa akangomaliza kudya, ndi kuchita masewera olimbitsa thupi mobisa kapena mopitirira. Mukaona ziwiri kapena zitatu mwa zimenezi, musadikire kuti mutsimikize, pitani naye kwa dokotala mlungu womwewo. Anorexia ndi amodzi mwa matenda a m'maganizo amene amapha kwambiri, ndipo amachizika bwino akapezeka msanga. Samalaninso ndi amene akuwatsatira pa intaneti. Wophunzitsa kuphika nyemba mokoma alibe vuto. Wolimbikitsa kudya zipatso zokhazokha, zosaphika zokhazokha, kapena kumwa madzi a zipatso masiku angapo kuti akuti thupi liyere, ameneyo ndi woopsa kwa mwana amene akukula.

Ngakhale zonse zikuoneka bwino, ndingakonde kuti ayezedwe panopa, pamene wangoyamba kumene: kulemera, kutalika, kuchuluka kwa magazi, ferritin amene amasonyeza ayironi wosungidwa m'thupi, ndi B12. Mudzabwereze pakatha miyezi 6 mpaka 12. Ubwino wa manambala ndi wakuti amachotsa mkangano pakati pa inu ndi iye. Simukufunikanso kumuuza kuti ukuoneka wofooka, iye n'kumakana. Pepala lidzanena lokha.

Kunyumba, ganizo ili ndi lake, ndiye ntchito yakenso ikhale yake. Mayi wa ana atatu simungasanduke wophika miphika iwiri madzulo alionse mpaka kalekale, mudzatopa, ndipo kutopako kudzasanduka mkwiyo. Khalani naye pansi mugwirizane ngati akuluakulu: inu mugula zofunika ndipo simumukakamiza, iye amwa piritsi lake, alola kuyezedwa, adya patebulo limodzi ndi banja, ndipo aphikira banja lonse kawiri pamlungu. Masiku enawo phikani mwanzeru. Yambani ndi zimene aliyense angadye, mumupatulire gawo lake, kenako muthire nyama kapena mkaka m'zotsalazo. Mtsikana amene pofika zaka 18 akudziwa kuphika zakudya khumi zopatsa thanzi ndi kuwerenga zolembedwa pa paketi wapindula, kaya adzapitiriza kukhala vegan kapena ayi.

Zowerenga pa paketizo zikhalenso zake. Aphunzire yekha kuti gelatin wa m'maswiti ena amachokera ku zikopa ndi mafupa, kuti whey ndi casein ndi za mkaka, kuti utoto wofiira wolembedwa E120 umachokera ku tizilombo. Paja safunsa anadya phula, ndipo kwa vegan ngakhale phulalo n'loletsedwa, poti ndi la njuchi. Zodula kwambiri m'kadyedwe kameneka ndi zinthu zopangidwa kufakitale motsanzira nyama ndi tchizi. Sizofunika, zambiri zili ndi mchere wochuluka, ndipo tchizi wotsanzirayo kawirikawiri ndi mafuta a kokonati ndi sitachi, wopanda mapuloteni. Zikhale za apo ndi apo.

Chinthu chimodzi ndikupempheni inuyo ndi aliyense wogwira mphika m'nyumbamo: musamubisire msuzi wa nyama kapena dzira m'chakudya chake. Makolo amachita zimenezi chifukwa cha chikondi, ndikudziwa. Koma tsiku limene adzazindikire, ndipo amazindikira, adzasiya kukhulupirira chilichonse chochokera m'manja mwanu, ndipo pamene mudzafune kuti akuuzeni zoona za thupi lake, sadzakuuzani.

Bambo ake sakufunika kugwirizana ndi mwana wawo, akufunika kungosiya nthabwala za patebulo. Kumuyendetsera fupa pamphuno n'kumati nunkhiza kumaseketsa tsiku loyamba lokha. Mukamakamba nawo, musayambe ndi za ziweto, yambani ndi zimene nonse mukufuna: kuti mwana adye mokwanira ndipo azidyera pamaso panu. Lamulo la patebulo likhale limodzi kwa onse, lakuti palibe wonena za mbale ya mnzake. Lamuloli limugwirenso mwana wanu, chifukwa amene angotembenuka kumene amakonda kulalikira, ndipo mng'ono wake ali ndi ufulu wodya nkhuku yake osauzidwa mmene inafera. Nthawi ina, kutali ndi chakudya, mufunseni akufotokozereni zimene anaona ndi zimene wawerenga, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Si zonse zimene akunena zili zachibwana. Bungwe la FAO linawerengera mu 2013 kuti ziweto zimatulutsa 14.5 peresenti ya mpweya wotenthetsa dziko umene umachokera ku zochita za anthu. Mukhoza kumuuza kuti mfundo yako ndaimva, koma ine ndipitiriza kudya nyama. Mwana wa msinkhu umenewu amapirira kutsutsidwa kuposa kusekedwa.

Agogo ake ndimawamvetsa kwambiri. Iwo anamva ngati mdzukulu wawakana iwowo. Munthu amene wakhala akusonyeza chikondi kudzera m'mphika kwa zaka zambirimbiri, ukamukanira mbale umakhala ngati wamutsekera chitseko. Ntchito yokonza apa ndi ya mdzukuluyo, inu mungomutsogolera. Apite yekha, apepese chifukwa chowadzidzimutsa, afotokoze mwaulemu, kenako awapemphe kuti amuphunzitse kuphika chakudya chimodzi chopanda nyama chimene iwo amachidziwa bwino. Sindinakumanepo ndi agogo amene anakana pempho lotere. Ndipo kulikonse kumene mwaitanidwa, eni nyumba adziwe pasadakhale, kapena mwanayo anyamule mbale yoti onse alaweko, kuti asakhale chete pakona pamene anzake akudya.

Akhoza kupitiriza moyo wake wonse, akhozanso kusintha pakatha miyezi isanu, n'kubwerera ku mazira ndi mkaka kapena ku zonse. Anthu ambiri amene amayamba amadzasintha penapake, ndipo palibe cholakwika. Chimene chimachititsa achinyamata ena kuumirira ngakhale thupi likuvutika ndi manyazi, kuopa kumva kuti tinakuuza. Muuzeni panopa, kamodzi kokha, kuti tsiku limene adzafune kusintha palibe amene adzamuseke, ndipo muwauze bambo ake ndi abale ake kuti lonjezo limeneli likuwakhudza. Mukadzamuona akudya keke ya mazira pa phwando la mnzake, yang'anani kumbali.

Mlungu uno musayambe ndi zonse nthawi imodzi. Gulani B12, konzani tsiku lokayezetsa, ndipo mumupatse mphika madzulo amodzi kuti muone chimene aphike ndi kuchuluka kwa zimene adzipakulire yekha. Botolo la mapiritsi lija musaliike m'kabati ya mankhwala, mmene zinthu zimaiwalika. Liikeni pafupi ndi mswachi wake.